Maloko Anayi, Zitseko Zitatu

Lolemba, 6 Okutobala

Mauthenga makumi atatu ndi anayi. Lolemba amachuluka chonchi, anthu akapuma masiku awiri amapeza nthawi yopsa mtima. Wina akuti awotcha bwalo la mpira, timu yake yagonja. Wina apha apongozi ake onse, ndi agalu omwe. Wina aphulitsa banki, ndipo pansi pake wafunsa kuti imatsegulidwa nthawi yanji.

Chaka chachisanu ndi chimodzi m'kachipinda kameneka. Ndinalowa upolisi ndili ndi miyendo yothamanga, lero ndine sajeni wowerenga mkwiyo wa anthu pa intaneti. Msana ndi umene unandikhazika pansi. Fani imazungulira ndithu, koma mphepo yonse imathera kwa Abwana.

Kunabwera alendo awiri ochokera ku likulu. Abwana kuwaonetsa fomu yathu ngati akuonetsa mwana wawo woyamba. Timabokosi titatu: malo, tsiku, zida. Munthu akaopseza, timaona ngati watchula malo, ngati watchula tsiku, ngati pali umboni woti chochitira ali nacho. Kakachongedwa kamodzi, pepala limalowa m'kabati. Tiwiri, timachenjeza eni malowo n'kupempha a kampani ya mafoni atiuze mwini uthenga, yankho pakatha milungu itatu, akafulumira. Tikachongedwa tonse titatu, Abwana amavala chipewa, woweruza amasaina tsiku lomwelo, galimoto imanyamuka.

“Sitimanga munthu chifukwa chokwiya,” anatero Abwana. “Tikanamatero bwenzi tonse tili m'kati, kuyambira akazi anga.” Alendo anaseka. Ine ndi a Chalachimodzi, olemba malipoti athu, nthabwala imeneyi taimva kakhumi. Tinasekabe, ndi mbali ya ntchito.

Chomwe chinabala fomuyo sanawauze. Pali mphunzitsi wina amene tinamumanga zaka zinayi zapitazo chifukwa cha nthabwala yopusa ya pa intaneti. Anatuluka patatha milungu iwiri, ntchito itapita, mkazi atapita. Mpaka lero ndikamuona pamsewu ndimawolokera tsidya lina.

Wa timabokosi tiwiri lero ndi mmodzi yekha. Dzina labodza: Phulusa. Akuti Lachisanu pa 17, 12 koloko masana, nthawi ya msonkhano wa antchito onse m'kantini ya fakitale yosoka zovala, sadzatuluka munthu. Osatukwana, osakuwa. Oterewa sindiwakonda.

Kunyumba geti tikumangabe ndi waya. Sipanala, mlongo wanga wamng'ono, anabwereka tcheni sabata yatha, akuti amangire majenereta a makasitomala ake. Loko wathu wadzimbiri anachita kumuswa ndi hamala, kwinaku akumuseka. Amayi akuti ndisamuvutitse mwana, abweza. Mwanayo ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kalata yochenjeza ndinakapereka ndekha pa basi, galimoto yathu ili ku galaja. Manijala wa fakitale anaiwerenga chiimire. Akuti chaka chino aonetsa msana wa njira anthu makumi anayi, ndipo aliyense anatukwana pageti mawu oposa amenewa. Awonjezera mlonda mmodzi. Msonkhano sausuntha, akuti akangousuntha ndiye kuti aliyense wa foni ndi manijala.

Ndinapempha kuona kantini. Zitseko zitatu. Chachikulu, cha mbali ziwiri, zogwirira zachitsulo. Cha kukhitchini. Kakang'ono ka kuseri. Ziwiri zazing'onozo zili ndi pokoleka loko kunja, chifukwa cha akuba. Mawindo onse otchinga ndi zitsulo, chifukwa cha akuba omwewo. Matumba a zidutswa za nsalu ataunjikidwa kukhoma mpaka kudenga. Anthu mazana awiri akakhala onse. Ndinalemba zonse, ndi ntchito.

Mayi wophika anandizindikira. “Si inu achemwali ake a Sipanala? Chichokereni iye makina akungotsokomola.” Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri. Kumsana anali ndi khanda, akuti wolera wadwala, manijala asaone.

Inde, Sipanala ali m'gulu la makumi anayiwo. Zaka khumi ndi zinayi akukonza makina osokera. Mu Meyi anati waba tizitsulo ta makina. Mu Julaye tizitsuloto tinapezeka m'bokosi lolakwika, m'sitolo mwawo momwemo. Palibe anamuimbira foni. Koma iye pa intaneti? Uthenga wa mawu atatu amaulemba ngati akunyamula simenti.

Pobwerera basi inafa panjira. Nsapato zandiluma.

Lachinayi, 9 Okutobala

Phulusa walembanso. “Atsala masiku asanu ndi atatu.” Ndi chithunzi: kalata yomuchotsa ntchito ili patebulo, dzina waliphimba ndi sipanala.

Pulinta yathu inki ya mitundu inatha chaka chatha, zithunzi zimatuluka mdima wokhawokha. Abwana sawerenga pa kompyuta, akuti maso. A Chalachimodzi akaweramira malipoti awo, chala chimodzi go, go, go, sadzutsa mutu mpaka nthawi ya tiyi. Woona chithunzi chenicheni ndine ndekha, poti wosindikiza ndine.

Chogwirira chokulungidwa ndi tepi yobiriwira. Sipanala ya malemu bambo. Tepiyo ndinakulunga ndine ndili mwana wa sukulu, bambo akudandaula kuti chitsulo chikuwadya m'manja. Ndi yomweyo inamupatsa dzina mlongo wanga, poti ali wamng'ono ankagona nayo. Pansi pake nsalu ya patebulo ya maluwa achikasu, yopsa pakona. Ndinawapatsa ndine, iye ndi mkazi wake, pa ukwati wawo. Woipsereza ndi simbi anali mlamu.

Ndinapita kuchimbudzi. Mphindi khumi. Ndinabwerako, ndinasindikiza, ndinamata pa fomu. Mdima, kalata yoyera pakati. Abwana anayang'ana n'kuti, “Timabokosi tikadali tiwiri.” Ine, “Tiwiri, bwana.”

Sindinaname. Ndalemba pano kuti ndione ngati zikuoneka ngati bodza. Zikuoneka.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita kwa Sipanala m'mawa, ati kukatenga tcheni.

Chipinda chimodzi ndi khonde. Mlamu anachoka mu Ogasiti ndi mwana, akuti akukaona makolo. Anatenga ndi matiresi omwe. Pakhonde majenereta anayi a anthu, odikira kukonzedwa, osamangidwa ndi kanthu. Tcheni changa chili kunsi kwa bedi, chokulungidwa bwinobwino. Kuseri kwa chitseko zigubu ziwiri zodzadza, fungo la petulo lofika mpaka m'tiyi. Pa msomali jumbo ya maloko atsopano, akadali m'mapepala ake. Sindinawawerenge. Patebulo nsalu ya maluwa achikasu.

Wasesa. Wameta ndevu. Malaya ochapa. Anandipatsa kapu ya chogwirira, iye n'kutenga yothyoka. Chichokereni ntchito sindinamuonepo wodekha chonchi. Miyezi yonseyi ndinkapempha kuti mtima wake ukhale pansi. Lero wakhala pansi, ndipo ndachita mantha.

Petulo akuti ndi woyesera majenereta. N'zomveka. Maloko, omangira majenereta. N'zomvekanso. Tcheni: “Sabata ino yokha, achemwali.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse, munatuluka za kutentha kwa dzuwa. Ndikamufunsa n'kukana, asintha tsiku, ndipo tsiku ndi chokhacho chomwe tili nacho. Umu ndi mmene ndikudziuzira. Zoona zake n'zakuti ndinaopa kuti avomera.

Kabokosi kachitatu kali m'mutu mwanga, ndipo palibe wina akudziwa kuti kadzadza.

Lamlungu, 12 Okutobala

Sipanala anabwera kudzaona Amayi. Anakonza mpopi wodontha kuyambira Juni. Anakonza simbi. Chitseko cha kubafa, wailesi, mwendo wa mpando wa Amayi. Zinthu zomwe ndakhala ndikumupempha chaka chathunthu, zonse tsiku limodzi. Amayi kumwetulira mpaka m'makutu, akuti waona, mwamuna m'nyumba.

Atadya anawawenga zikhadabo za kumapazi, monga amachitira chifookereni maso awo. Anawauza kuti azimuimbirako foni mdzukulu wawo, mwana asaiwale mawu a agogo ake. Amayi anati nanga iwe uli kuti. Anaseka.

Sipanala ya bambo waisiya pa kabati. “Isungeni kuno, kwathu kwachuluka akuba.” Chitsulo chomwe sanasiyanepo nacho ngakhale tsiku la ukwati wake.

Ndinamuperekeza. Ndinati tiye ku ofesi ya zantchito mawa, ndivala yunifomu, mlandu wako ndi wowina. Anati wapitako kasanu, fayilo ili kwa bwana wina amene ali ku maphunziro. Ananena mopanda mkwiyo, ngati akunena za munthu wina. Pageti anaima, anagwira waya uja. “Waya ameneyu ndi manyazi, nyumba ya apolisi,” anatero, n'kumapita.

Ndinamuyang'ana mpaka pokhota. Amayenda ngati bambo, phewa limodzi kutsika. Ndimamukonda mwana ameneyu. Ndinamubereka kumsana ine, Amayi ali kuntchito.

Lolemba, 13 Okutobala

Mauthenga makumi anayi ndi limodzi. Wina aphulitsa ofesi ya magetsi, koma adikira kaye ayake kuti atchaje foni.

Fomu ya Phulusa tsiku lonse pakona ya desiki. Cholembera ndinachigwira kanayi.

A kampani ya mafoni ayankha. Akuti pempho lathu alilandira.

Anthu amalemba zinthu. Ndawerenga zikwi, ochita ndi angati? Pa zaka zisanu ndi chimodzi, awiri. Mmodzi tinamupeza nthawi ilipo. Winayo ayi, ndipo zithunzi zake zili m'kabati yapansi yomwe sititsegula. Koma palinso mphunzitsi uja. Akugulitsa zingwe zotchajira mafoni pafupi ndi depoti, malaya a kolala omwe aja.

Sipanala sanamenyepo munthu. Kangaude amamutulutsa panja pa pepala. Ndanena zimenezi m'mutu kambirimbiri, ndipo ndazindikira kuti ndi mawu omwewo amatiuza achibale a anthu onse omwe timagwira.

“Mayi sajeni, tiyi wanu wazizira kachiwiri,” a Chalachimodzi, osadzutsa mutu.

Masiku anayi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

M'mawa tsamba la Phulusa kulibe. Wafufuta zonse.

Abwana anasangalala. Mwa kachitidwe kathu, woopseza akafufuta yekha ndiye kuti mowa wamuthera, pepala limalowa m'kabati. Anati ndiimbire manijala kuti mlonda wowonjezera uja safunikanso. Anapereka fomu kuti ndiiboole ndiisunge.

A Chalachimodzi anaimitsa chala. “Olubwalubwa safufuta, bwana, amangoiwala. Wofufuta ndi amene wamaliza kuganiza.” Abwana anati zimenezo palibe kabokosi kake.

Ndinaimirira ndi fomuyo pa kabati. Ndinaona khanda lija kumsana kwa mayi wophika, kachipewa kofiira. Ndinabwerera pa desiki. Ndinachonga. Kachizindikiro kakang'ono, kosakwana chikhadabo.

Ndinawauza zonse. Tepi yobiriwira, nsalu, zigubu, maloko, tcheni cha geti lathu. Mawu anga anatuluka bwinobwino ngati ndikuwerenga lipoti la munthu wina. Abwana anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. “Mwadziwa liti?” Ndinati Lachinayi. Anati, “Sindinamve. Mwadziwa lero.” Kenako anatenga chipewa.

Anandiuza kuti ndipite kunyumba. Sindinapite. Ndinamaliza mauthenga onse makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Ndikanapita, ndikanamuimbira foni Sipanala.

Madzulo Amayi anasita diresi lawo ndi simbi ija, kuiyamikira.

Lachitatu, 15 Okutobala

Amugwira m'mawa, akutsuka mano pakhonde. Sanathawe, sanalimbane. Akuti anangopempha kuti alavule kaye, n'kusiya kiyi kwa eni nyumba kuti anthu adzatenge majenereta awo.

Mndandanda analemba a Chalachimodzi: zigubu ziwiri za petulo, tcheni chimodzi, maloko anayi, machesi, foni. M'fonimo mauthenga onse a Phulusa alimo. Kufufuta sankadziwa bwino.

Amayi anamva kwa akazi a eni nyumba ine ndisanafike. Ndinawapeza atavala nsapato, akuti tiye mwana wanga, ndiwe wapolisi, ukawauze kuti alakwitsa munthu. Ndinawakhazika pa mpando womwe iye anakonza. Ndinati wawauza ndine.

“Wapha ndani?” Palibe. “Wawotcha chiyani?” Palibe. “Nanga wamumangira chiyani mwana wanga?” Ndinati chomwe akanachita Lachisanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Ndinkayesa ndinabala wapolisi. Kani ndinabala mneneri.”

Anavula nsapato, anaziika pamalo pake, analowa kuchipinda. Sanalire pamaso panga. Ine ndinalirira kubafa, mpopi uli wotsegula. Sukudonthanso.

Lachisanu, 17 Okutobala

12 koloko ndinali pa desiki, maso pa wotchi ya pakhoma. Imatsogola ndi mphindi zitatu. 12:30. 1 koloko. Foni zii.

Msonkhano wachitika. Akuti anakambirana za nthawi yolowera ndi za anthu otaya mapepala m'chimbudzi. Anthu mazana awiri anadya, anabwerera ku makina awo. Palibe akudziwa kanthu kupatula manijala, amene watumiza kalata yothokoza ndi makalendala atatu a kampani.

Abwana akuti ntchito yathu ikayenda bwino sipaoneka kanthu. Akuti alemba ku likulu kuti fomu yagwira ntchito.

Kunyumba Amayi anatsegula wailesi nthawi ya nkhani, anamvetsera mpaka za mpira. Anatseka. “Mwamva? Palibe chachitika.” Anauza khoma, osati ine.

Onse awiri akulozera chinthu chimodzi, tsiku lopanda kanthu, aliyense akuti ndi umboni wake.

Lachinayi, 23 Okutobala

Sabata yathunthu osalemba. Panalibe mphamvu.

Andichotsa pa desiki mpaka mlandu uthe, poti tsopano ndine mboni. Ndili ku chipinda cha katundu wotayika. Maambulera makumi awiri ndi atatu, ndodo yoyendera, mano oikirira m'kabotolo. Mwini manowo sanabwere chichokereni Epulo, kaya akudya bwanji.

Belo amukaniza. Milandu iwiri. Woyamba, kuopseza: umenewo savuta, analemba ndi iye, loya wake akuti miyezi yochepa kapena chilango choimika, osalowa ndende. Wachiwiri, kukonzekera kupha anthu: zaka zambiri, zoti Amayi sadzamuonanso panja.

Mlamu wabwerera, matiresi ndi mwana yemwe. Tsopano ndi mkazi wokonda mwamuna wake kuposa akazi onse. Azakhali afika ndi chikwama cha mwezi wathunthu. Ndikalowa pabalaza nkhani imaduka ngati magetsi. Amayi sanditchulanso mwana wanga. “Afunseni apolisiwo ngati adya.” “Auzeni apolisi kuti sopo watha.” Ndili pompo, mapazi awiri kuchokera pa mpando wawo.

Mwana wa Sipanala, zaka zisanu ndi chimodzi, anandifunsa ngati unyolo umapweteka. Ndinati osati kwambiri. Anati, “Nanga munawamangiranji adadi, anakuberani tcheni?”

Loya anabwera madzulo ano. Wamfupi, mawu aakulu, cholembera m'kamwa. Anayala zala patebulo. Zitseko za kantini ndi zingati? Zitatu, ndipo analemba ndi apolisi eni ake. Anandiyang'ana. Maloko ndi angati? Anayi. Majenereta pakhonde? Anayi. “Munthu wofuna kutseka zitseko zitatu sagula maloko anayi, makamaka wosagwira ntchito. Maloko ndi a majenereta, petulo ndi wa majenereta. Chotsala ndi munthu wolakwiridwa amene analemba zopusa.” Akuti mlandu wachiwiri ugwa pa nambala imeneyi basi.

Azakhali anaomba m'manja. Amayi anawerenga pa zala zawo, zinayi uku, zitatu uku, mobwerezabwereza ngati pemphero.

Lachitatu, 29 Okutobala

Nanenso ndayamba kuwerenga pa zala. Pa basi, kubafa, pakati pa maambulera. Anayi ndi anayi. Zikukwana.

Mwina anasesa chifukwa m'nyumba munada. Mwina anakonza mpopi chifukwa unkadontha. Mwina kwawo kwachulukadi akuba. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwerenga zoopsa, mwina maso anga saonanso china.

Ndinakumana ndi mphunzitsi uja pa depoti. Sindinawoloke. Ndinagula chingwe chomwe sindikuchifuna. Anandizindikira, anati, “Zikomo, mayi sajeni,” n'kundikulungira m'pepala mwaulemu. Bola akanandilavulira.

Loya akakhala kuti akulondola, mlongo wanga si wakupha, ndipo ine ndamuwononga pachabe. Akakhala kuti akulakwa, ndinachita bwino, ndipo mlongo wanga ndi munthu amene akanatsekera khanda m'moto. Ndagwada kuti ndipemphere, ndasowa choti ndipemphe.

Mano aja abwera eni ake. Agogo aamuna, anawavala pomwepo osatsuka.

Loweruka, 1 Novembala

Ndinapita kundende. Koyamba. Mlamu anati Sipanala sakufuna kundiona, koma dzina langa linali pa mndandanda wa alendo, analemba yekha.

Mzere maola awiri padzuwa. Mphindi khumi pa sefa ya waya, anthu akukuwa mbali zonse. Waonda. Akuti wakonza kale ketulo ya oyang'anira ndi wailesi ziwiri, amupatsa bulangeti lachiwiri.

Ndinakonzekera kutukwanidwa. Iye anafunsa za mankhwala a Amayi, za zikhadabo zawo, ngati mpopi ukudonthanso. Kenako, “Inali tepi ija, eti?” Ndinavomera ndi mutu. Anaseka pang'ono. “Ndinaphimba dzina ndi dzina.”

Ndinati pepa. Sindikudziwa kuti ndimapepesa chiti. Anati, “Musadandaule, achemwali, munali pa ntchito.” Zinandipweteka kuposa zonse za Amayi.

Woyang'anira anakuwa kuti yatsala mphindi imodzi. Sipanala anafunsa ngati geti tikumangabe ndi waya. Ndinati eya. Anapukusa mutu monga amachitira akaona ntchito yosalongosoka. “Mlandu ukatha muwauze akupatseni loko wamkulu uja, wamkuwa. Ameneyo sanali wa kuja ayi. Ndinagulira inu.”

Ananena mosavuta, ngati mmene amanenera kuti babu lapsa. Kenako anadzimva. Ndinaona nkhope yake ikudzimva. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Kuja kuti, sindinafunse. Belu linalira.

Anayi kuchotsa mmodzi. Pa basi yonse sindinawerengenso pa zala.

Lamlungu, 2 Novembala

Mawa 9 koloko kukhothi. Mboni yoyamba ndine. Woimira boma anati pomaliza adzandifunsa ngati ndili ndi china chowonjezera, ndipo ngati chilipo ndichilembe pa fomu ndimupatse tisanalowe. Fomuyo ili m'chikwama kuyambira Lachisanu, ndinkayesa ibwerera yoyera.

Anamva ndine ndekha. Phokoso linali lambiri. Ndikati chete, loya apambana pa nambala yake, Sipanala atuluka chaka chisanathe. Fakitale ikadali pomwepo, zitseko zitatu, mawindo a zitsulo, fayilo yake ikadali kwa bwana wa ku maphunziro. Mwina mtima wake unazizira m'menemo. Mwina. Kabokosi ka mwina kulibe.

Ndikanena, ndamumanga kachiwiri, ndipo ulendo uno ndi loko yemwe anandigulira.

Masana ndinapeza Amayi akusita yunifomu yanga. Simbi ija. Anasita kolala kawiri, anaikoleka pa chitseko, anaiphatika ndi dzanja. Anandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni pa 15.

“Mwana wanga,” anatero. Masiku khumi ndi asanu ndi atatu ndisanawamve mawu amenewa. “Ndinakulankhula zoipa. Unachita mantha, ndamvetsa. Mawa usaope munthu. Ukanene zoona zokhazokha, usasiyeko kanthu. Zoona ndi zomwe zimutulutse mlongo wako.”

Ndinati chabwino, Amayi.

Ali pabalaza tsopano ndi mdzukulu wawo, akumuphunzitsa kuwerenga pa zala, zinayi uku, zitatu uku. Ine kuchipinda, fomu pa bondo. Ndalemba tsiku. Ndalemba dzina ndi nambala yanga. Ndalemba mzere woyamba: Maloko anali anayi, koma mmodzi anali wanga.

Zilembo zatuluka zoongoka bwinobwino, ndipo zimenezi zikundinyansa.

Amayi akuitana. Akuti mphepo yatsegula geti, waya uja wamasuka, ndipite ndikamange.